Ndapita kukaona mbalame ku Ohio, osadyako ngakhale imodzi

Lachinayi usiku, South Bend, Indiana, ku America

Mawa ndikupita ku Ohio kukaona mbalame. Eee mwawerenga bwino, kukaona basi, osati kukagwira kapena kukagula, kungoziyang'ana kenako n'kubwerako chimanjamanja. Mayi akunyumba kuno aseka mpaka misozi, akuti bambo ake a mwana, masiku anayi a ofu amene mwakhala mukupempha chiyambire Febuluwale mukukawathera pa timba? Ndawauza kuti si timba, ndi ma warbler, iwo akuti ndiye kuti ndi timba wokhala ndi mapepala.

Amene andikokera ku zimenezi ndi madala ena a kuntchito kwathu ku nyumba yosamalira okalamba, mzungu wa zaka za m'ma 60, ndi amene amakonza mapaipi ndi magetsi zikavuta, munthu wosayankhulayankhula. Tsiku lina m'mawa ndikuweruka shifiti ya usiku ndinawapeza poimika magalimoto khosi lili m'mwamba, bainokyula m'maso, akusakasaka kanthu kamene kamalira mumtengo, ine ndikudutsa ndinangoloza kuti ako apo, nthambi yachitatu kuseri kwa tsamba. Anatsitsa bainokyula ija n'kundiyang'ana ngati ndachita matsenga, akuti waona bwanji ndi maso okha? Ndinawauza kuti ndinakulira ku Zomba kufupi ndi nyanja ya Chilwa, legeni ili m'khosi tsiku lonse, ndipo ukachedwa kuona mbalame ndiye kuti madzulo nsima ndi chisoso basi. Kuyambira pamenepo sanandipatsenso mtendere, chaka chino akuti tiyeni basi, mafuta ndilipira ine, inu mubweretse maso anuwo.

Tikupita ku chikondwerero cha oonera mbalame, amachitcha The Biggest Week in American Birding, chinayamba mu 2010, amakonza ndi bungwe la Black Swamp Bird Observatory, ndipo ngakhale dzinalo likuti sabata chimatenga masiku 10 kumayambiriro kwa Meyi. Ndalongedza jekete, chipewa, buledi, mazira owiritsa ndi chigubu cha tiyi. Madala andibwereka bainokyula yawo yakale, mwana wanga wakhala akuiyang'anira chagada madzulo onse akuti adadi mwachepa.

Lachisanu, Magee Marsh

Tanyamuka 4 koloko m'bandakucha kuli zii. Msewu wa I-80/90 uja wolipira, maola pafupifupi atatu, ine ndagona theka la ulendo sindibisa. Kudutsa Toledo talowa Route 2 ndipo dera limenelo ndi lathyathyathya ngati thebulo, minda yokhayokha yolimidwa kumene, patsogolo chinsanja chachikulu cha siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Davis-Besse chikufuka nthunzi. Ndinati m'mtima, mbalame zake zikhala pati apa, mitengo yake iti.

Kukhota kulowa ku Magee Marsh zinthu zinasintha pompo. Kamsewu kamadutsa pakati pa dambo, madzi uku madzi uku, akakowa atayima tsonga ngati a kwathu omwe aja, atsekwe akuwoloka msewu ndi tiana tawo mosatekeseka magalimoto onse n'kuima kudikira. Kwathu tsekwe wodzimva chonchi sangafike tsidya la msewu, ndikukuuzani. Polowa salipiritsa. Koma poimika magalimoto pake abale, isanakwane 8 koloko podzaza kale, manambala a Texas, California, Ontario, Florida, anthu ayenda masiku kudzaona tinthu tolemera ngati bokosi la machesi.

Malo enieni amene aliyense amathamangira ndi kanjira ka matabwa kokhala ndi zogwirira mbali zonse, kautali wopitirira pang'ono kilomita imodzi, kamene kamadutsa m'kankhalango kakang'ono m'mphepete mwa nyanja ya Erie. Anthu ali pikitipikiti ngati msika wa ku Songani tsiku la msika koma phokoso ayi, onse akunong'ona ngati pamaliro, zomwe ukumva ndi makamera okha tcheketcheketcheke, ndipo makamera ake ena aatali ngati musi, mtengo wake ungagule poloti ku Chinamwali n'kutsala chenji. Pa chogwiririra analembapo manambala kuti munthu azitha kuuza mnzake kuti pita pa 14 pali chakuti.

Sitinayende ndi masitepe 20 omwe madala anandigwira mkono. Patsogolo panga, pafupi moti ndikanatha kukagwira, kambalame kakuda ndi koyera koma pakhosi pake moto, olenji woyaka ngati khala limene walipemerera kumene. Akuti Blackburnian warbler. Kankadumphadumpha kutola tizilombo kuseri kwa masamba osandilabadira n'komwe. Ndiye ndinene chilungamo, dzanja langa lamanja linapita lokha pakhosi kufuna legeni. Zaka zoposa 20 ndisanaigwire koma dzanja silinaiwale. Ndinaseka ndekha mayi wina n'kundiyang'ana moipidwa kuti ndikusokosa.

Kambalame kameneka miyezi yozizira kamakhala ku mapiri a Andes, ku Colombia, Ecuador, Peru uko, ndiye pano kali pa ulendo wopita ku nkhalango za kumpoto, kambiri ku Canada, kukaikira mazira. Timauluka usiku tokhatokha, kukacha timatsika kudya. Chimene chimatiunjika pa Magee ndi nyanjayi, tikafika m'bandakucha titatopa n'kuona madzi ali tantha kutsogolo tambiri timaima kaye kuti tidye tipeze mphamvu, ndipo poti kozungulira konse ndi minda, mitengo yoti titeremo ndi yomweyi. Chakudya chake ndi tintchentche tating'ono totuluka m'madzi tofanana ndi nkhungu za ku Nkhata Bay zija, tili mbwee paliponse, kamodzi kandilowa m'kamwa ndikuyasamula.

Nyanja ya Erie ndaiona bwinobwino masana tikudya mazira athu pa mchenga. Tsidya silioneka ngati mmene imakhalira ya kwathu pa Salima, kukula kwake n'kocheperako pang'ono kuyerekeza ndi nyanja ya Malawi, koma ndi yosaya, pozama kwambiri mamita 64 okha pamene yathu ija imafika 700. Madzi ake otuwa, ozizira, ndaviika chala n'kuchotsa msanga.

Madzulo ntchito imene ananditengera inayamba kuoneka. Anthu awa ali ndi zida koma ambiri saona. Amaika bainokyula m'maso kaye kenako n'kumasaka, pamene mbalame umayamba waiona ndi diso lako, tsamba likagwedezeka mosemphana ndi mphepo ndiye kuti pali kanthu. Ine mayina sindidziwa, ndimangoti apo, madala n'kutchula dzina, Magnolia, Cape May, chestnut-sided, black-and-white kamene kamayenda pa thunthu mutu uli pansi. Pofika 5 koloko tinali ndi kagulu ka azimayi anayi achikulire akutitsata pambuyo ngati anapiye. Mmodzi anandifunsa kuti ndine gaidi wa kampani iti. Madala anayankha okha kuti ndi mlenje wopuma pantchito, mayiyo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

Motelo imene tagona sindiitchula dzina koma mtengo aukweza kawiri chifukwa cha sabata imeneyi, ndipo shawa yake imatulutsa madzi otentha mphindi ziwiri basi. Mitundu ya mbalame yomwe ndalemba lero m'kabuku ndi 47. Miyendo ikuwawa.

Loweruka

Usiku mphepo yatembenuka, ikuchokera kumpoto kunyanja, ndipo kwazizira moti jekete imene ndimaidalira ija yangokhala ngati shati. Madala asanatsuke ndi m'kamwa momwe anali kale pa foni kuyang'ana BirdCast, mapu amene amaonetsa kuchuluka kwa mbalame zouluka usiku pogwiritsa ntchito makina omwe aja a zanyengo oonera mvula. Akuti lero palibe zatsopano zafika, mphepo ya kumpoto imazitsekereza, koma zomwe zinalipo dzulo sizinachokenso ndipo kukazizira zimatsika m'munsi. Zinalidi choncho, tina timadya pafupi ndi nsapato zathu.

Lero ndi Loweruka lachiwiri la Meyi, tsiku lokumbukira mbalame zosamukasamuka, ndiye anthu anachuluka kuposa dzulo. Ndinaona mabanja ambiri a chi Amish, akhristu aja okhala moyo wachikale wa kumunda, azibambo zipewa za udzu ndevu zawo zija, atsikana madilesi aatali, aliyense bainokyula pakhosi mpaka tiana. Amenewa ndiye amaona, sindinama. Kamnyamata kena ka zaka mwina 11 kanandipambana kawiri, ine ndisanaloze iko kaloza kale, tinangoyang'anana n'kumwetulira, anthu okulira kumunda timadziwana.

Chimene chandikhalitsa chete lero ndi chionetsero cha kuveka mbalame mphete. Amatchera maukonde opyapyala ngati tsitsi pakati pa zitsamba, ndipo nditangowaona ndinati awa ndi alenje anzanga awa, kusiyana kwake n'koti ife timatchera ulimbo pa kamtengo pafupi ndi pomwera madzi. Mtsikana wina anatulutsa kambalame m'kathumba ka nsalu, mutu wake pakati pa zala ziwiri, n'kukaveka kamphete ka aluminiyamu kokhala ndi nambala pa mwendo, kuyeza phiko ndi rula, kenako anakatembenuza chagada n'kuuzira mpweya pamimba kuti nthenga zipatuke. Pansi pa khungu pamaoneka mafuta achikasu. Amatero kuti adziwe ngati kali ndi mafuta okwanira kupitiriza ulendo. Abale inu, ife timauziranso chimodzimodzi, ndendende, kuti tione ngati yanona tisanaiwambe. Ndinatsala pang'ono kunena mokweza koma ndinadzigwira. Pomaliza anakalowetsa chamutu m'kachubu pa sikelo timiyendo tili m'mwamba, magalamu 9 ndi pang'ono, kenako anapatsa kamwana kena kuti katambasule dzanja, kambalame kanakhala kaye ngati sikakukhulupirira kenako fyuu.

Tikumwa khofi m'galimoto kudikira kuti zala zimve, madala anandifotokozera nkhani ya dera lino. Minda yonse ija tinadutsa dzulo kale linali dambo limodzi lalikulu la nkhalango, Great Black Swamp, lodzaza udzudzu ndipo anthu ankadwala malungo. Eti malungo ku Ohio. Cha m'ma 1800 kumapeto anakumba ngalande n'kuliumitsa lonse kuti alime. Timadambo tomwe tatsala m'mphepete mwa nyanjamu tinapulumuka chifukwa magulu a anthu olemera okonda kuombera abakha anatigula kuti azisakamo, boma linadzagula pambuyo. Mpaka lero mlenje wa abakha aliyense amayenera kugula sitampa ya boma chaka chilichonse, inayamba mu 1934, pano ndi madola 25, ndipo ndalamazo zimagulira ndi kusamalira madambo. Ndiye ndinawauza kuti madala, ndiye kuti makamera onsewa ayimirira pa malo a alenje, bwanji mumandiseka. Anati sindikuseka, ndi chifukwa chake ndakutenga.

Koma anandiuzanso ina yosaseketsa. Kunali njiwa ina kuno, passenger pigeon, yochuluka mabiliyoni, gulu limodzi likamadutsa dzuwa limabisika kwa maola. Anthu anaziombera, kuzikola, kuzitumiza m'migolo pa sitima kupita ku mizinda, mitengo yake n'kudulanso. Yomaliza inafera mu zoo ya ku Cincinnati, Ohio momwemuno, pa 1 Sepitembala 1914. Patangopita zaka zinayi mu 1918 anakhazikitsa lamulo loteteza mbalame zosamukasamuka limene likugwirabe ntchito, moti ngakhale nthenga yotola pansi sukuyenera kusunga. Ine ndinali nditatola kale kanthenga kachikasu m'mawa kuti ndikapatse mwana, ndinakatulutsa m'thumba mwakachetechete n'kukaponya pa windo.

Apa ndiye maganizo anapita kwathu. Ku Chilwa mbalame ndi ndiwo, ndi ndalama ya sopo, makamaka nsomba zikasowa. Nyanja itaphwa mu 1995 ndinali mwana koma ndikukumbuka, matemba kulibe, aliyense anatembenukira ku mbalame, zowamba zotungidwa pa kamtengo. Ndipo mpunga ukayamba kucha ku sikimu ya Likangala ntchito yathu ana inali kuwinga mbalame kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kukuwa, kumenya zitini, mawu mpaka kusasa. Munthu amene wawinga mpheta mwezi wathunthu simungamuuze kuti mbalame ndi yokongola, akutukwanani. Ndiye sindibwera pano kudzanyoza anthu akwathu ayi, amene akuonera mbalame kunowa adya kale bekoni m'mawa. Komabe Chilwa yomweyo inalembedwa kukhala dambo lofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, chifukwa china ndi mbalame zomwezo, zina zochokera ku Ulaya, ndipo ife timazidya osadziwa n'komwe kuti ndi alendo.

Masana tinapita ku Ottawa National Wildlife Refuge, ndi moyandikana, amatsegula msewu woti uzungulire pa galimoto. Kumeneko ndiye ndinaona bald eagle bwinobwino, chiwombankhanga cha pa chidindo cha America chija, mutu woyera thupi lakuda, chisa chake chachikulu ngati denga la nkhokwe. Ndi nkhwazi basi, mbale wake weniweni, imadyanso nsomba. Koma kulira kwake ndinakhumudwa, tswii tswii ngati mwanapiye, nkhwazi yathu ikaponya mutu kumbuyo n'kulira pa Mangochi thupi lonse limachita tsemwe. Ndinawaikira madala pa YouTube anavomereza kuti pamenepo mwatiposa. Akuti mu 1979 Ohio yense anatsala ndi mabanja anayi okha a mbalamezi, mankhwala ophera tizilombo a DDT ankapyapyalitsa zikamba za mazira, koma atawerenga mu 2020 anapeza zisa 707.

Usiku ndaimbira achimwene ku Zomba pa WhatsApp, kwawo kunali kutatsala pang'ono kucha akukonzekera kupita kudimba. Ndawatumizira chithunzi cha ka Blackburnian kaja. Akuti kokongola ndithu, koma kameneka ukufunika khumi kuti nsima itsike.

Lamulungu

Mphepo yabwerera kummwera usiku, kwafunda, ndipo madala anandidzutsa 5 koloko akunjenjemera ngati mwana wopita ku tauni koyamba. Mapu aja anali owala dera lonse. Titangotsika galimoto ndinamva kusiyana, mitengo yonse ikulira, mtengo umodzi mbalame mitundu isanu, sikisi, sudziwa uyang'ane kuti. Scarlet tanager wofiira ngati magazi mapiko akuda bii, Baltimore oriole, bay-breasted, American redstart akutambasula mchira ngati akudzionetsera, ndi prothonotary wachikasu ngati yolk ya dzira la nkhuku yachikuda akulowa n'kutuluka m'kaphanga ka mtengo pamwamba pa madzi ndi zomangira chisa kukamwa. Madala akuti kale mitengo italiitali inali yambiri kuposa apa, mphepo yamkuntho ya mu 2021 inagwetsa yochuluka, koma kwa ine amene sindinaone zakalezo palibe chimene chikusowa.

Lero ndiye tsiku limene ndinadzimva kuti ndine dolo. Panali anthu ngati 30 ataunjikana akuti pali woodcock pansi penapake koma palibe akuiona, mbalame ya mtundu wa masamba ouma, mlomo wautali, maso ali cha kumbuyo kwa mutu. Ndinagwada n'kuyang'ana osasaka mbalame koma diso, ndi mmene timapezera nkhwali yobisala, ndipo patapita kanthawi ndinaona kadontho kakuda konyezimira pafupi ndi chipika. Vuto linali kulongosola. Anthu awa amalozerana ngati wotchi, 2 koloko kuchokera pa nthambi yothyoka, ine ndimangoti apo apo pamenepo, mpaka bambo wina wa kamera ya musi anagona chafufumimba pa matabwa kutsata chala changa. Ataijambula anandigwira chanza ndi manja awiri. Inadzuka n'kuyamba kuyenda ikugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo ngati ikuvina manganje, anthu onse kuseka chonong'ona.

Kenako cha m'ma 11 mafoni anayamba kulira paliponse ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo, agogo a ndodo akuthamanga. Kirtland's warbler yaoneka cha kugombe. Madala nkhope inasintha, akuti zaka zonse akhala akubwera kuno anaionapo kamodzi kokha. Tili m'njira wefuwefu anandiuza kuti kambalame kameneka kamaswana pafupifupi ku Michigan kokha, m'nkhalango za paini wamng'ono wotchedwa jack pine amene amamera pambuyo pa moto, ndipo nyengo yozizira kamakakhala ku Bahamas. Anthu atayamba kuzimitsa moto wa m'nkhalango malo ake anachepa, kuwonjezera apo mbalame ina, cowbird, imaikira mazira m'chisa chake kuti kalere ana a eni. Mu 1974 komanso 1987 anawerenga atambala oimba 167 okha dziko lonse lapansi. Anayamba kudzala paini dala ndi kukola ma cowbird aja, mabanja anafika popitirira 2,000 ndipo mu 2019 anakachotsa pa mndandanda wa zomwe zatsala pang'ono kutha.

Tinafika, anthu mwina 200 ayang'ana chitsamba chimodzi. Kalowa mkati. Tinaima. Mphindi 30, ola, dzuwa likuswa mtengo tsopano jekete ndavula. Ine maso anga onse aja ndinayesa, tsamba ndi tsamba, palibe. Madala anangokhazikika ngati chitsa. Ndinawaphunzitsa mwambi wathu woti kuona maso a nkhono n'kudekha, anaukonda mpaka kuulemba m'kabuku kawo. Ndiye tamverani, mwini mwambi ndi amene ndinalephera. Tiyi wa m'chigubu uja anandipanikiza, ndinati ndithamangire kuchimbudzi mphindi zisanu zokha, kumeneko ndinapeza mzere. Pobwerera ndikumva anthu akuwomba m'manja chapansipansi, ena akukumbatirana, mayi wina akupukuta misozi. Kanatuluka, kanakhala poyera mphindi ziwiri, kanaimba kamodzi, n'kuuluka kulowera kumadzulo. Madala anandionetsa pa kamera yawo, kotuwa kumsana, kachikasu pamimba, timizere takuda m'mbali. Mxiii. Sindinayankhule mpaka pa galimoto.

Madzulo anandigulira nsomba kuti mtima utsike, perch ya m'nyanja yomweyi yokazinga mu ufa ndi tchipisi. Ndi yabwino, koma chambo ndi chambo. Kenako payi, akuti mwambo wa anthu a mbalame kuno ndi woti ukaona mtundu umene sunauonepo chibadwire umadya payi, ndinawauza kuti ndiye ine ndikufunika mapayi 80.

Lolemba

Tinabwerera ku chitsamba chija 6 koloko m'mawa, ine ndi amene ndinaumiriza, tiyi sindinamwe dala. Kulibe. Usiku kunali kowala ndi mphepo yabwino, kapita, mwina pano kali kale ku Michigan. Ndi zambiri za dzulo zachoka, nkhalango yachita ngati sukulu itatsekera, anthunso achepa poti ambiri abwerera kuntchito.

Tisananyamuke ndinakhala pa benchi pafupi ndi nyumba ya alendo ndikudya buledi wotsala, ndiye pansi pa denga ndinaona zisa zadothi ndi timbalame tikulowa n'kutuluka mothamanga, msana wabuluu wakuda, pakhosi pofiirira, mchira wa mphanda. Anamzeze. Ndinafunsa madala dzina, akuti barn swallow, n'kutsegula buku lawo kundionetsa mapu, mtundu womwewu uli ku America, ku Ulaya, ku Asia ndi ku Africa. A kunowa nyengo yozizira amapita ku Central ndi South America, koma a ku Ulaya ndi amene amabwera kwathu cha mu Okutobala mvula ikamayandikira n'kudzaza mawaya a magetsi, kenako cha mu Epulo osaonekanso. Ndili mwana sindinadzifunsepo kuti amapita kuti, ndimangoona kuti kulibe basi. Ndipo namzeze sitinkamulasa kawirikawiri, osati chifukwa cha chifundo, amathamanga kwambiri ungangotha miyala.

Ndawerengera m'kabuku, mitundu 94 masiku anayi, ma warbler okha 21. Madala ali ndi 22, ndipo akhala akundikumbutsa pa geti iliyonse yolipira mpaka ku Indiana. Ndati ndibweze bainokyula akana, akuti ndisunge mpaka Meyi wa chaka chamawa, ndiye kuti andilemba kale ntchito osandifunsa. Kunyumba ndafika 3 koloko, mayi funso loyamba akuti ndiwo zili kuti, mwana akuti adadi mwandibweretsera chani, ndamupatsa sitika ya kambalame kachikasu imene ndinagula madola atatu, waimata pa filiji.

Lachiwiri, 3 koloko usiku

Ndabwerera pa shifiti. Nthawi ya buleki ndinatuluka panja kukapuma mpweya, kuli bata, kamphepo kofunda kochokera kummwera. Ndiye ndinamva m'mwamba mumdima tsip, patapita kanthawi kwina tsip, timawu tating'ono tomwe zaka zonsezi ndikugwira usiku pano ndimayesa mileme kapena makutu anga. Ndinatsegula Merlin pa foni, apu imene madala anandiikira yozindikira kulira kwa mbalame, koma siinagwire kanthu, zili patali kwambiri. Ndinaima pomwepo khosi m'mwamba mpaka mnzanga wa ku Kenya anatsegula chitseko kundiitana kuti belu la chipinda 12 lakhala likulira.